Kagalasi kamkuwa ndagula ku Tsoka, kodi ndi maikulosikopu yakale?

Wa_ku_Kawale: Abale thandizeni. Ndinali ku msika wa Tsoka kufuna lamba nde pa mulu wa tizitsulo ndapeza kachinthu kamkuwa kopinda patatu, pamwamba kali ndi kagalasi kamodzi, pansi kabowo kokhala ndi timizere ngati pa lula. Ndakayika pa chitenje cha mayi akunyumba, ulusi ukuoneka bwinobwino umodziumodzi. Wogulitsa akuti ndi maikulosikopu ya azungu akale. Zoona zimenezi? Komanso ndikapukute ndi Brasso kapena ndikasiye?

Telala_Area25: Achimwene musavutike, imeneyo ndi linen tester, amawerengera ulusi wa nsalu kuti aone ngati ndi yabwino kapena yachabechabe, timizere ito ndi toyezera. Imakulitsa mwina ka 5 mpaka ka 10 basi. Mpaka pano amapangabe nde musayambe kulota ndalama kkkk

Aphunzitsi_Bio: Atelala akunena zoona koma musakanyoze, mbiri ya maikulosikopu ikukhudzananso ndi nsalu. Antonie van Leeuwenhoek wa ku Delft ku Netherlands anali wogulitsa nsalu, sanapite ku yunivesite, koma ankasula yekha timagalasi ting'onoting'ono nkukatsina kamodzi pakati pa tizitsulo tiwiri tophwatalala, kumbuyo kuli kansonga kobayapo chinthu ukufuna kuona ndi ma screw osunthira, nde umagwira m'manja nkuyandikitsa pa diso penipeni utayang'ana kowala. Kanthu konse kutalika kwake sikaposa chala koma ina inkakulitsa kupyola ka 250. Mu 1674 anaona tizilombo tikusambira m'madzi a m'nyanja ina pafupi ndi kwawo, mu 1683 anapala litsiro la m'mano ake nkupezamo mabakiteriya, ndipo zonse ankalembera a bungwe la asayansi la Royal Society ku London omwe poyamba anakayika. Ine chimandisangalatsa nchakuti Robert Hooke, amene anaona ma cell mu 1665, yake inali yaikulu ya magalasi angapo koma inkaluza kwa kagalasi kamodzi ka wansaluyu. Leeuwenhoek anapanga maikulosikopu zambirimbiri, zatsala pafupifupi khumi zokha, zina zili ku Museum Boerhaave ku Leiden. Imodzi ya siliva inagulidwa kuposa £300,000 mu 2009.

Za Brasso ayi ndithu. Kuderako ndi komwe kumaonetsa ukale, ingopukutani ndi kansalu kofewa kouma, pagalasipo musakhule.

Mai_a_Lab: Koma musakayesere kuona malungo nako aise. Ife timapaka utoto wa Giemsa pa magazi ali pa slide, kudontheza mafuta nkukulitsa ka 1000 ndi pomwe tizilomboto timaoneka. Kanuko apatseni ana aonere nyerere, mchere ndi phiko la udzudzu, asangalala.

Wa_ku_Kawale: Zikomo nonse, Brasso ndabweza pa shelefu. Aphunzitsi, pambali pake pali tizilembo tofufutika, ndijambula mawa kukawala muwerenge ngati ndi dzina la fakitale.