Ndajambula anzanga 12, koma mtima suli m'malo

Adimini ndibiseni dzina chonde. Ndine wojambula zithunzi kuno ku Zomba, za maukwati ndi zinkhoswe. Chaka chino ndajambula anzanga 12, ena amuna okondana ndi amuna anzawo, ena akazi okondana okhaokha. Tinkapita ku Botanic Garden m'mamawa anthu asanachuluke. Mmodzi anafunda chitenje cha malemu mayi ake, n'kuyang'ana kamera osaphethira. Ndikufuna anthu aone kuti awa ndi ana akwathu konkuno, monga amachitira wojambula zithunzi Zanele Muholi ku South Africa kuyambira 2006. Koma landilodi wandikwezera lendi, laputopu timabwerekana ndi alamu anga omwe sanandibwezerebe K40,000, ndipo mnyamata wa kotsukitsa zithunzi amafunsa zambiri. Ndiyambire pati?

Mkulu wa ku Chinamwali: Mwana iwe, gawo 153 la Penal Code, lija amazengera nalo mlandu amuna ogonana okhaokha, ukulidziwa? Mpaka zaka 14 kundende! Khoti linagamula mu June 2024 kuti lamulolo likhalebe. Ndende ya Zomba uli nayo pakhomo pomwepo.

Wa kabaza: K40,000 iiwaleni achimwene, mlamu sabweza ngongole kkkk.

Mayi wa ku Matawale: Mwana wa mchemwali wanga chithunzi chake chinazungulira pa WhatsApp, sitidziwa anachitumiza ndani. Usiku womwewo katundu wake anamutayira panja, mvula ikugwa. Anagona kukhitchini kwanga miyezi itatu, ngakhale kumsika samapita.

Wojambula mnzanu: Kamera yanji? Pansi pa mitengo ija kuwala kumavuta, nkhope zimatuluka zobiriwira.

Mkulu wa ku Chinamwali: Mu 2010 Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga atachita chinkhoswe nkhope zawo zinali m'nyuzipepala, khoti linawapatsa zaka 14. Bingu anawakhululukira mkulu wa United Nations pa nthawiyo, Ban Ki-moon, atabwera. Iweyo adzakubwerera ndani?

Wa ku Chirunga: Bambo, lamulo limakamba za mchitidwe, chithunzi cha munthu atafunda chitenje si mlandu. Musaopseze anthu.

Mkulu wa ku Chinamwali: Ukawauze zimenezo anyamata a pa depoti. Ine ndakulira muno, sindikuopseza, ndikuchenjeza.

Mlongo wanu: Zichotseni pa laputopu yobwerekanayo lero lomwe. Muholi yemweyo anamubera ma hard drive ku Cape Town mu 2012. Koma eni akewo avomera kuti zionetsedwe? Kulola kujambulidwa ndi kwina, kulola kuonekera pagulu ndi kwinanso.

Wofunsa: Zikomo nonse. Landilodiyo ndi mkulu wa mpingo, n'chifukwa chake ndikuopa. Kamera ndi Canon yakale.

Wa ku Chirunga: Ku Lilongwe mu 2021 amuna ndi akazi okondana okhaokha anachita zionetsero, anayenda pamsewu atabisa nkhope. Mutha kujambula manja kapena chakumsana, ndipo funsani a Nyasa Rainbow Alliance kapena CEDEP, mabungwe omenyera ufulu wa anthu otere.

Mkulu wa ku Chinamwali: Mabungwe ali kutali, iye lendi amalipira ku Zomba.

Mlongo wanu: Achimwene, simunandiyankhe. Wachitenje uja akudziwa kuti mwalemba pano?