Kodi malamulo a gulu lathu atchule mwachindunji anthu amene amasalidwa?

Mlembi wa ku Chinsapo:
Anzanga, ndithandizeni nzeru. Ndine mlembi wa banki m'khonde yathu, tilipo amayi 18 ndi abambo anayi, timakumana Lachinayi lililonse. Mwezi wamawa tikuunikanso malamulo athu. Pa nkhani ya makhalidwe tinalemba mzere umodzi wokha: "Membala aliyense azilemekeza mnzake." Pomwe pa ndalama tinalemba zonse, wochedwa K500, wojomba K1,000.

Mwezi wathawu mayi mnzathu wachialubino, amene amagulitsa mandasi, anafika mochedwa atanyamula beseni lake pamutu. Bambo wina anangoti, "Ee, ndalama yafika." Ena anaseka. Mayiwo anatula beseni, kugula masheya awo, kukhala kumbuyo osayankhulanso mpaka titatseka ndi pemphero. Nditawadzudzula bambowo anati amangocheza, ndipo palibe lamulo limene aswa. Ndinatsegula kope langa, ndinasowa poloza.

Ndikufuna tilembe poyera kuti n'zoletsedwa kunyoza kapena kumana munthu ngongole chifukwa ndi wachialubino, ndi waulumali, ali ndi kachirombo ka HIV, kapena chifukwa cha mtundu ndi chipembedzo chake. Apampando akuti kutero n'kugawa anthu. Inu mukuonapo bwanji?

Mkulu wa mpingo, Zomba:
Mayi mlembi, ine ndili mbali ya apampando anu, koma osati chifukwa nkhaniyi ndi yaing'ono. Pagulu panu wachialubino ndi mmodzi. Tsiku lowerenga malamulowo maso onse adzatembenukira kwa iwo. Za kachirombo ndiye zovuta kwambiri, anthu adzayamba kunong'onezana kuti kodi alembera ndani. Komanso mndandanda sutha. Mayi wosabereka amene amanenedwa pamaliro mumulemba? Nanga wakhunyu, nanga amene anachoka kundende? Amene mwamuiwala adzaona ngati kumunyoza iyeyo n'kololedwa. Bambowo muwalipiritse chindapusa ndi lamulo lomwe lilipolo, lakwanira.

Mphunzitsi wopuma:
Akulu, nkhawa yanu ya oiwalika olemba malamulo a dziko lino anaiona kale. Gawo 20 la malamulo oyendetsera dziko a 1994 limaletsa tsankho ndipo limatchula zifukwa chimodzichimodzi: mtundu, khungu, kukhala mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, chuma, kubadwa. Kenako limawonjezera kuti ngakhale chifukwa china chilichonse chokhudza mmene munthu alili. Khomo analisiya lotsegula. Ngakhale zinali choncho, aphungu anakhazikitsabe lamulo la anthu aulumali mu 2012, ndi loona za kufanana kwa amuna ndi akazi mu 2013, chifukwa mawu ongokuta onse sankaluma. Mlembi, tengerani pamenepo: tchulani magulu, mutsirize ndi mawu akuti "ndi wina aliyense".

Make mwana wachialubino:
Ndawerenga zonse mtima ukugunda. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6, ndipo mpaka lero ndimamuperekeza kusukulu, chipewa kumutu, mafuta oteteza khungu m'chikwama. Mawu oti "ndalama" si nthabwala, abale. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 anthu achialubino akhala akubedwa, kuphedwa, manda awo kufukulidwa, chifukwa cha bodza lakuti mafupa awo amalemeretsa. A bungwe la anthu achialubino la APAM akhala akulira za zimenezi zaka zonsezi. Munthu akamuuza mwana wanga kuti ndalama, iye amamva kuti pali amene amamuona ngati katundu wogulitsa. Usiku umenewo sagona, inenso sindigona.

Akulu a ku Zomba mukuti maso adzatembenukira kwa mayiwo. Bambo, maso ali pa ife tsiku ndi tsiku, pamjigo, m'minibasi, pamsika. Chimene sitinachionepo ndi gulu likulemba m'kope mwake kuti lili kumbali yathu. Ndiponso bambo uja sanaone kuti akunyoza. "Kulemekezana" aliyense amakumasulira momukomera, n'chifukwa chake anthu ena aja anaseka nawo.

Chimodzi chokha ndikupempheni, mlembi: musanalembe kalikonse, pitani kwa mayiwo mukawafunse paokha. Tatopa ndi kukonzeredwa zinthu ife eni osafunsidwa.

Mlembi wa ku Chinsapo:
Zikomo nonse. Amayi, ndachita monga munanenera. Dzulo madzulo ndinawapeza akukazinga mandasi, ndinakhala pa mpando wa pakhonde n'kuwawerengera zimene ndalemba. Anandiuza kuti ndifufute mawu oti "tiziwamvera chisoni", sakuwafuna. Anati ndilembe mawu enieniwo oletsedwa, "ndalama", "napwere", "mzungudala", kuti wina asadzanene kuti samadziwa. Za HIV ndamvera akulu a ku Zomba pang'ono: tilemba kuti palibe womanidwa ngongole chifukwa cha matenda alionse, ndipo woulula matenda a mnzake alipira K5,000. Mayiwo apempha kuti Lachinayi ndime imeneyi adzaiwerenge okha pamaso pa gulu. Apampando sindinawauzebe, ndikupita kwawo mawa m'mawa.