Kodi Katie Fahey wa ku Michigan anathera kuti atapambana?

Wofufuza_Zandale analemba:

Moni nonse. Ndakhala ndikuwerenga za mayi wachitsikana wa ku America, Katie Fahey, amene akuti anayambitsa gulu lomwe linalanda aphungu a chigawo cha Michigan mphamvu yodula okha malire a madera a zisankho. Chandizunguza mutu n'chakuti sanali phungu, sanali loya, analibe chipani chomutsamira, ankangogwira ntchito ku bungwe loona za kukonzanso zinthu zotayidwa. Zinatheka bwanji? Koma funso langa lenileni ndi ili: munthu wotere akapambana amathera kuti? Ine ndinazolowera kuona omenyera kusintha zinthu akangotchuka, chaka chotsatira nkhope yawo ili pa chikwangwani cha chipani. Amene munaitsatira nkhaniyi, tandiuzeniko.

Malume_a_ku_Lansing anayankha:

Achemwali, mwafunsa nkhani imene ndinaionera pafupi, chifukwa nthawi imeneyo n'kuti ndikukhala ku Lansing, likulu la Michigan.

Tiyambe ndi pamene panagona vuto. Ku America amachita kalembera wa anthu zaka 10 zilizonse, ndipo akamaliza, chigawo chilichonse chimadulanso malire a madera a aphungu. Ku Michigan ntchitoyi inali m'manja mwa aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawocho, ndiye chipani chimene chili ndi aphungu ambiri chaka chimenecho ndicho chimagwira mpeni. Mu 2011 mpeniwo unali ndi a Republican. Pa chisankho cha 2012, a Democrat anapeza mavoti ambiri mukaphatikiza madera onse, koma pa mipando 14 ya Michigan ku nyumba ya malamulo ya ku Washington, a Republican anatenga 9. Njira yake ndi yosavuta kuimvetsa: otsatira chipani chinacho umawaunjika m'madera ochepa kuti azipambana kumeneko ndi mavoti ochuluka opanda ntchito, otsalawo n'kuwamwaza m'madera ambiri kuti asakwane kulikonse. Amati gerrymandering, dzina lochokera kwa Elbridge Gerry, bwanamkubwa wa Massachusetts amene anasaina mapu otere mu 1812. Si nthenda ya chipani chimodzi ayi. Ku Maryland ndi ku Illinois a Democrat amachita zomwezo.

Fahey analemba pa Facebook patangopita masiku awiri chichitikireni chisankho cha November 2016, ali ndi zaka 27. Uthenga wake unali waufupi: akufuna kulimbana ndi mchitidwewu, amene akufuna kuthandiza amuuze. Anthu osawadziwa n'komwe anayankha, ndipo gululo linadzatchedwa Voters Not Politicians. Chimene ine ndimachilemekeza n'chakuti sanayambe ndi kulemba lamulo n'kumauza anthu kuti sainani. Anayamba ndi misonkhano 33 m'masiku 33, kuzungulira chigawo chonse, kufunsa anthu kuti malirewa azidula ndani. Zimene anthu ananena ndizo zinalowa m'lamulo limene analemba: malirewa azidula ndi komishoni ya anthu wamba, osati aphungu.

Malamulo aakulu a Michigan amalola anthu wamba kuika funso pa pepala lovotera ngati asonkhanitsa masiginecha okwana 10 peresenti ya mavoti a chisankho chapitacho cha bwanamkubwa. Nthawi imeneyo amafunika 315,654, ndipo onse apezeke m'masiku 180. Magulu ambiri amalemba ganyu makampani kuti awasonkhanitsire. Awa analibe ndalama zimenezo, anadalira anthu odzipereka okhaokha.

Mmodzi wa iwo ndinakumana naye Loweruka lina mu 2017, kumsika wa alimi, kunja kutayamba kale kuzizira. Anali gogo wamkazi, chipewa chaubweya chophimba makutu, atanyamula thabwa lalitali lopanikizirapo mapepala, cholembera atachimangirira ndi kachingwe. Anandifunsa ngati ndinalembetsa m'kaundula wa voti. Ndinamuuza kuti sindine nzika, sindingasaine. Ndinkaganiza kuti andisiya athamangire wina, koma anatembenuza thabwa lija n'kundionetsa mapu amene anali kuseri kwake. Anayendetsa chala pa dera la nambala 14, lochokera mu Detroit, kukhotakhota mpaka kukafika ku Pontiac, n'kundifunsa ngati anthu a kumayambiriro ndi a kumapeto kwa mzere umenewo amagula buledi pa sitolo imodzi. Tikulankhula choncho, panabwera bambo wina wofuna kusaina. Gogo uja anamufunsa kaye boma laling'ono limene amakhala, kaunte mwa kunena kwawo, n'kuvundukula mapepala mpaka kupeza la kwawo, chifukwa ukasaina pa pepala la kaunte ina siginechayo imatayidwa. Anamuyang'anitsitsa akulemba adiresi ndi tsiku, chala chili pa mzere. Manja ake anali ofiira ndi mphepo. Ntchito yonse ija inayenda chonchi, munthu mmodzimmodzi, ndipo mu December 2017 anapereka masiginecha oposa 425,000 ochokera m'makaunte onse 83.

Otsutsa, amene kumbuyo kwawo kunali bungwe la amalonda la Michigan Chamber of Commerce, anapita kukhothi kuti funsolo lisaikidwe pa pepala lovotera. Kumapeto kwa July 2018 khothi lalikulu la chigawocho linagamula kuti liikidwe, oweruza 4 kuvomereza, 3 kukana. Mu November anthu anavota, ndipo pafupifupi 61 peresenti anati inde.

Tsono kuti anathera kuti: sanaime pa mpando uliwonse. Mu 2019 anasiya utsogoleri wa gululo m'manja mwa Nancy Wang, loya amene anali mmodzi wa odzipereka aja kuyambira pachiyambi, iye n'kukatsogolera bungwe lina lotchedwa The People, lothandiza anthu a m'zigawo zina kuchita zonga zomwezi. Mu komishoni imene anaimenyerayo sanakhalemo. Kwa ine apa ndi pamene pali kukula kwa munthuyu. Anthu a zipani zonse ziwiri anasaina chifukwa anakhulupirira kuti sakudzikonzera mpando, ndipo sanawagwiritse fuwa la moto.

Mphunzitsi_Wopuma anayankha:

Malume mwafotokoza bwino, koma ndiloleni ndithirepo madzi ozizira pang'ono, kuti achemwaliwa asachoke pano akuganiza kuti uthenga wa pa Facebook ndiwo umasintha malamulo.

Choyamba, masiginecha anasonkhanitsa odzipereka, n'zoona, koma kampeni ya 2018 inadya madola mamiliyoni ambiri, ndipo gawo lalikulu linachokera ku mabungwe a kunja kwa Michigan. Otsutsa ankaloza pamenepo n'kumati gululi n'la a Democrat ovala chigoba. Sindikugwirizana nawo, koma funso lakuti ndalama zachokera kuti ndi loyenera kufunsa aliyense, ngakhale amene timawakonda.

Chinanso, komishoniyo sinatuluke yoyera. Mapu ake oyamba anavomerezedwa mu December 2021. Mu December 2023 oweruza atatu a khothi la boma lalikulu la America, osati la chigawo, anagamula kuti madera 13 a mu Detroit ndi mozungulira anadulidwa potsatira mtundu wa anthu mosemphana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo analamula kuti adulidwenso. Amene anakasuma anali anthu akuda a ku Detroit, odandaula kuti mawu awo amwazidwa. Anthu wamba nawonso amalakwitsa akagwira mpeni.

Ndipo njira imeneyi kulibe m'zigawo zambiri. Ku Texas ndi ku Wisconsin anthu alibe ufulu woika okha funso pa pepala lovotera. Kumene ilipo, andale amadziwa kubweza. Ku Missouri anthu anavomereza kusintha kotere mu 2018, aphungu anabweretsa funso lina mu 2020 n'kufafaniza zambiri. Ku Florida, Desmond Meade anatsogolera kampeni yobwezera ufulu wovota kwa anthu amene anamaliza zilango zawo, anapambana ndi mavoti pafupifupi 65 peresenti mu 2018, koma chaka chotsatira aphungu anakhazikitsa lamulo lakuti ayambe alipira chindapusa ndi ngongole zonse za kukhothi. Ku Ohio mu 2024 anayesa njira yofanana ndi ya Michigan, anthu anaikana. Ndiye nthawi zina ndimadzifunsa ngati kukana mpando sikusiyira nyumba ya malamulo anthu omwewo amene akudikira kuti utope.

Wofufuza_Zandale anayankha:

Zikomo nonse awiri. Aphunzitsi, mfundo yanu yomalizayo yandigwira. Malume, komishoniyo anthu ake amasankhidwa bwanji kuti zipani zisalowetsemo awo? Nanga pa zimene anena aphunzitsizi mukuti bwanji?

Malume_a_ku_Lansing anayankha:

Ili ndi anthu 13: a Republican 4, a Democrat 4, ndi 5 osatsamira chipani chilichonse mwa ziwirizi. Aliyense wolembetsa voti akhoza kufunsira, kupatula amene m'zaka 6 zapitazo anaimapo pa chisankho cha chipani, anali mkulu wa chipani, kapena ankalipidwa kuti azinyengerera aphungu, pamodzi ndi makolo, ana ndi akazi kapena amuna awo. Ulendo woyamba anafunsira anthu oposa 9,000. Maere anasiya 200, atsogoleri a zipani m'nyumba ya malamulo analoledwa kuchotsapo 20 okha, ndipo maere ena mu August 2020 anatulutsa 13 aja. Mapu kuti adutse, pamafunika mavoti a anthu osachepera awiri kuchokera ku gulu lililonse mwa atatuwo, ndipo zokambirana zimachitika poyera.

Zimene anena aphunzitsi za Detroit ndi zoona, sindingazichepetse. Anzanga ena a kumeneko zinawapweteka kwambiri. Koma taonani mmene zinathera: khothi litalamula, komishoni yomweyo inakhalanso pansi, anthu akumvetsera ndi kupereka maganizo, n'kudulanso maderawo. Kale mapu ankakonzedwa kuseri, anthu n'kungowaona atatha. Taonaninso zisankho. Mu 2022 a Democrat anatenga nyumba ya Senate, imodzi mwa nyumba ziwiri za malamulo za Michigan, koyamba patapita zaka pafupifupi 40, ndi mipando 20 pa 38. Mu 2024 a Republican analanda nyumba ya aphungu ndi mipando 58 pa 110. Mavoti akasuntha, mipando ikusunthanso, mbali zonse ziwiri.

Pa za kukana mpando, aphunzitsi, pamenepo ndiye tisiyana. Fahey akanakhala phungu akanakhala mmodzi pa anthu 110, womvera mkwapulo wa chipani chake, ndipo theka la anthu amene anasaina pa thabwa la gogo uja akanamva kuti anapusitsidwa. Gululo silinathe iye atachoka. Linatsala ndi anthu ake, linateteza komishoniyo pamene a Republican anakaisumira ku khothi la boma lalikulu mu 2019, ndipo mu 2022 linali nawo pa kampeni imene inabweretsa masiku 9 ovota tsiku la chisankho lisanafike. Kumbukiraninso kuti mu June 2019 khothi lalikulu la America linanena, pa mlandu wa Rucho, kuti makhothi a boma lalikulu sangaweruze madandaulo a mapu okondera chipani. Michigan ikanadikira oweruza a ku Washington, mapu a 2021 akanadulidwanso ndi aphungu okhaokha.