Ulendo wokaona akasupe otentha a ku Chiweta ndi mapiri ophulika: ndithandizeni nzeru

Mphunzitsi wa ku Ngabu

Ndikupereka moni kwa nonse. Ndimaphunzitsa jogalafe pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Ngabu, ndipo chimandipweteka mtima kuti ndimafotokozera ana za mapiri ophulika ndi akasupe a madzi otentha kuchokera m'buku basi. Ndaganiza zoti pa tchuthi chikubwerachi ndipite ku Chiweta, m'boma la Rumphi, ndikagone kumeneko ndi kuona kasupe wotchuka uja ndi maso anga. Kodi alipo amene anafikako? Kodi phiri lophulika lili pafupi ndi malowa, kapena ndiyenera kuwoloka malire? Ndikufunanso kudziwa ulemu umene mlendo ayenera kusunga.

Mayi wa ku Nchalo

Aphunzitsi, ine ndinakhalako ku Rumphi pa ntchito, ndipo ndikukulimbikitsani kuti mupite. Chiweta ndi kamalo kakang'ono pa msewu wa M1, pomwe msewu umatsirizira kutsika zitunda n'kufika m'mbali mwa nyanja, ndipo kutsikako kudzakukumbutsani chitunda chathu cha Thabwa, kungoti m'munsi mwake mudzaona nyanja m'malo mwa minda ya nzimbe. Madzi a kasupeyo amapitirira madigiri 70, moti musayerekeze kupisamo dzanja pamene akutulukira; amatulutsa nthunzi ndi fungo la sulufule, ndipo nthunziyo imaoneka bwino m'mamawa kunja kusanatenthe.

Ulendo wake ndi wa masiku awiri pa basi. Ndikanakhala ine, ndikanadzera msewu wa kunyanja, wodutsa ku Salima, chifukwa ku Nkhotakota kulinso akasupe otentha a Mawira, ndipo mukhoza kuyerekeza malo awiriwa. Mukafika ku Chiweta, Livingstonia ndi mathithi a Manchewe sizili kutali, ngakhale msewu wokwera kuchokera pa Chitimba ndi wokhotakhota kwambiri.

Za ulemu, yambani mwaonekera kwa amfumu, monga momwe ifenso sitilolera mlendo kungolowa ku Khulubvi, kachisi wa Mbona ku Nsanje, popanda kulankhula ndi eni ake. M'malo ambiri otere anthu amasamba ndi kuchapa m'munsi, pomwe madzi azizirirako, choncho funsani kaye musanatulutse foni kuti mujambule. Anthu a kumeneko amalankhula Chitumbuka, koma Chichewa amamva.

Mkulu wa ku Bangula

Mwana wanga mphunzitsi, amayiwa anena zoona, koma ine ndikufuna ndikubwezeni kaye kwanu. Mukukhala pamwamba pa chiphalaphala chimene mukufuna kukachiona kutali. Miyala yakuda ya m'zitunda za kumadzulo kwa Ngabu, imene m'mabuku mwanu amaitcha basalt, ndi chiphalaphala chimene chinatuluka pansi zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, pa nthawi imodzi ndi chiphalaphala chimene chinapanga mapiri a Drakensberg ku South Africa ndi Lesotho. Dothi lambiri la makande limene timalimamo thonje, lija limang'ambika m'chilimwe n'kukanirira ku khasu mvula ikagwa, linachokera ku kufumbutuka kwa miyala yomweyi. Ngakhale miyala yobiriwira ngati thambo ija, ya agate, imene anthu amakumba m'dera la Ngabu, inapangika m'timapanga timene mpweya unasiya pamene chiphalaphalacho chinkazizira. Ana anu ambiri amaiona miyalayi tsiku ndi tsiku, ndipo palibe amene anawauza mbiri yake.

Chinanso chimene ndikupempha kuti mukaphunzitse molondola n'chakuti kasupe wotentha si umboni woti pansi pake pali phiri lofuna kuphulika. M'Malawi mulibe phiri lophulika lamoyo. Chimene chimachitika n'chakuti madzi a mvula amalowa pansi kwambiri kudzera m'ming'alu ya miyala, ndipo poti kutentha kwa pansi kumakwera ndi madigiri pafupifupi 25 mpaka 30 pa kilomita iliyonse, madziwo amatentha, kenako n'kukwera msanga kudzera mu mng'alu wina asanazizire. N'chifukwa chake akasupewa amandanda motsatira chigwa chachikulu, kuyambira ku Karonga, Rumphi, Nkhotakota mpaka ku Liwonde. Chigwa chathu cha Shire ndi mbali ya mng'alu womwewo: nthaka ya kuno inatitimira, pamene ya ku Thyolo inatsala m'mwamba, ndipo chitunda cha Thabwa ndicho malire ake. Zivomezi za ku Salima mu 1989 ndi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinaonetsa kuti ming'aluyi ikuyendabe.

Pitani ndithu ku Chiweta, koma mutenge mwala umodzi wakuda wa ku Ngabu m'chikwama, mukauyerekeze ndi ya kumeneko.

Wamalonda wa ku Nsanje

Achimwene, funso lanu la phiri lophulika silinayankhidwe lonse, ndiye ndiwonjezereko, poti ndimapita ku Mbeya kukaoda katundu. Mapiri amenewa ali ku Tanzania, mukangowoloka malire a Songwe n'kukwera cha ku Tukuyu, dera la nthochi ndi tiyi. Kumeneko kuli phiri la Rungwe, lotalika pafupifupi mamita 3,000, kuli Kyejo, limene linaphulika komaliza cha m'chaka cha 1800, komanso Ngozi, limene pamwamba pake pali chidzenje chachikulu chodzaza madzi obiriwira. Kuti muione nyanja ya Ngozi mumakwera wapansi m'nkhalango yowirira, ndipo pamafunika wokutsogolerani ndi ndalama yolowera. Pa mtsinje wa Kiwira pali mlatho wachilengedwe wa mwala wa chiphalaphala, umene eni ake amautcha Daraja la Mungu.

Mutenge pasipoti, ndipo musaiwale juzi yokhuthala ndi nsapato zogwira bwino, chifukwa ife a kuchigwa, ozolowera madigiri 40 a mu Okutobala, kuzizira kwa ku Tukuyu kumatisautsa kwambiri. Mvula ya kumeneko imagwa yambiri mpaka mu Meyi, choncho tchuthi cha mu Ogasiti ndicho chingakuyendereni bwino kuposa cha pa Khrisimasi.