Tsiku la chikhalidwe ku Nkhotakota: tiphike chiyani?

Mwana wa ku Linga:
Akuluakulu, ife achinyamata tikukonza tsiku lokumbukira mbiri ya kwathu, popanda wotilipira. Tikufuna kuyambira pamkuyu uja pomwe David Livingstone anakumana ndi Jumbe, Mswahili wogulitsa akapolo. Koma pa zakudya tasemphana. Anzanga akuti mpunga wokha ukwanira, ine ndikukana. Mutithandize nzeru.

Gogo Nabanda:
Mwanangu, kondowole asasowe! Chinangwa muviike msanga kuti ufa uume bwino, apo ayi alendo adzadandaula kuwawa. Ndiwo zake usipa wofutsa ndi chigwada chotendera. Mpunga wa faya ukhalepo ndithu, poti unafika kuno ndi Aswahili a Jumbe omwewo, koma muuphike ndi nazi.

Mphunzitsi wopuma:
Pamkuyupo musangojambulitsa zithunzi. Anawo amve kuti akapolo ankawoloka nyanja pa zombo kuchokera pomwepa, kenako n'kuyenda pansi kupita ku Kilwa, m'dziko la Tanzania. Nkhaniyi ena amaizemba. Mafumu mwawadziwitsa kale?

Mwana wa ku Linga:
Agulupu avomera dzulo, aphunzitsi. Agogo, amayi ovina gule wa chioda tingawapeze kudzera mwa inu?

Gogo Nabanda:
Alipo, koma ng'oma imodzi inang'ambika. Mupezeretu chikopa.