Tisanje bwanji sukulu za m'zoni popanda kukondera?

Wothandizira PEA: Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni nzeru. Zotsatira za PSLCE, mayeso a sitandade 8, zatuluka ndipo bwana PEA, mlangizi wa sukulu za pulayimale, akufuna ndisanje sukulu za m'zoni mwathu muno, yoyamba mpaka yomaliza, tikawerenge ku TDC, malo amene aphunzitsi a m'zoni timakumanirako, pamaso pa makomiti a sukulu. Ndinangotenga peresenti ya okhoza, koma yatuluka pamwamba ndi sukulu yomwe tonse tikudziwa kuti sitandade 8 yake ndi ya ana ochepa zedi. Ndipite nazo chonchi?

Hedi wopuma: Ayi mwanawe, mukayambanitsa anthu. Peresenti ya okhoza imangowerengera ana amene analemba mayeso a MANEB, osati amene anayenera kulemba. Ahedi ena amasefa: mwana akaoneka wofooka amamubwereza sitandade 7, kapena kholo limalangizidwa kuti limusamutse. Tiyerekeze sukulu ina yalembetsa ana 30, onse akhoza. Ina yalembetsa 120, akhoza 95. Yoyamba ivina kuti ili ndi 100 peresenti, pomwe yachiwiri yatulutsa ana okhoza opitirira katatu. Pitani mukaone kaundula wa sitandade 7 wa chaka chatha, muyerekeze ndi amene akhala pa mayeso chaka chino. Amene asowa pakatipo apita kuti? Yankho lili pamenepo.

Madamu a sitandade 8: Zoona a hedi. Muonjezerepo obwereza. Kwathu kuno mwana amakhoza bwinobwino, koma poti wasankhidwira ku CDSS, sekondale yoyendera ya m'dera, makolo amati abwereze mpaka apeze malo ku sekondale ya nashonale. Woteroyo akulemba kachiwiri, mumuyeza bwanji ndi woyamba kumene? Aikeni padera.

Mphunzitsi wa masamu: Makolotu sasamala za peresenti, amafunsa kuti apita ku nashonale ndi ku boding'i ndi angati, basi.

Madamu a sitandade 8: Achimwene, kusankhako kumatengeranso malo amene alipo ku sekondale, si khama la mphunzitsi lokha. Ine ndikanakonda tione phunziro lililonse palokha, makamaka Chingerezi, chifukwa kuyambira sitandade 5 ana amaphunzira m'Chingerezi ndipo mapepala onse kupatula Chichewa amabwera m'chilankhulo chomwecho. Sukulu ikagwa pamenepo, vuto linayambira m'makalasi a m'munsi, osati kwa ife. Anyamata ndi atsikana muwalekanitsenso.

Hedi wopuma: Komanso chaka chimodzi sichokwanira, tengani zaka zitatu. Ndipo pambali pa sukulu iliyonse lembani kuti mphunzitsi mmodzi ali ndi ana angati. Boma limafuna 60, koma chiyambire maphunziro aulere mu 1994 makalasi ena amadutsa 100, ena ali pansi pa mtengo.

Wothandizira PEA: Zikomo kwambiri nonse. Ndiye sindilemba nambala wani kapena womaliza, ndipanga tebulo la zonsezi sukulu iliyonse ndi mzere wake. Mawa ndiyamba kutolera makaundula. A hedi, ndikamaliza ndikutumizirani pa WhatsApp muyambe mwaona bwana asanalandire.