Ndinalapa koma mtima sukundimasula, nditani?

Mayi wa ku Bangwe:
Abale ndithandizeni. Ndinali msungichuma wa banki m'khonde kwathu kuno, bizinesi yanga ya kaunjika itagwa ndinatapako ndalama za gulu osauza munthu poti ndimati ndibweza zisanadziwike, koma zinadziwika. Ndinabweza zonse pang'onopang'ono, kwa Mulungu ndinalapa ndi misozi, koma mpaka lero ndikamva kuti kuli Mgonero ndimangotsala pakhomo, ku Mvano nakonso ndinasiya. Ndikagwada kuti ndipemphere mumtima mumangomveka kuti wakuba iwe. Kodi Mulungu anandikhululukiradi? Ngati anakhululuka nanga bwanji chikumbumtima chikundivutabe chonchi?

Mkulu wa mpingo, Chilomoni:
Mayi, tsegulani 1 Yohane 1:9 muwerenge mofatsa. Akuti tikavomereza machimo athu Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira, sakunena kuti tikamva kupepukidwa mumtima ayi. Chikhululukiro chagona pa kukhulupirika kwake, osati pa mmene inu mwadzukira tsiku limenelo. Davide anatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa Uriyayo kunkhondo, koma atangovomera pamaso pa mneneri Natani anauzidwa pompo kuti Yehova wachotsa tchimo lake, onani 2 Samueli 12:13. Mavuto a m'banja mwake sanathe, zoona, koma tchimolo linachotsedwa. Za Mgonerozo kaonaneni ndi abusa anu sabata ino, musadziweruze nokha. Gome lija anaikira anthu ochimwa amene alapa.

Achemwali a ku Ndirande:
Ine ndifunseko, amayi a gulu aja munakhala nawo pansi n'kupepesa pamaso, kapena munangotumiza ndalama pa foni basi? Chifukwa nthawi zina chimene timati Mulungu sanandikhululukire chimakhala manyazi ndi anthu, mukakumana nawo kumsika kapena pa minibasi ya ku Limbe mumayang'ana kumbali, ndiye mtima umangoti nkhani ikadalipo. Zakeyu, wokhometsa msonkho uja wa m'Baibulo, anaimirira pagulu n'kulankhula, sanabweze mwakachetechete.

Mayi wa ku Bangwe:
Achemwali mwandilasa. Ndinkapatsira tcheya kuti akapereke, ine kumsonkhano sindinapondekonso.

Achemwali a ku Ndirande:
Ndiye pitani mayi, tengani mnzanu mmodzi wa ku Mvano akuperekezeni. Ena akulandirani, ena ayankhula zopweteka, imeneyo ndi mbali yawo, inu mukhala mwachita yanu. Koma musaganize kuti Mulungu akudikira iwowo kaye kuti akukhululukireni.

Mnyamata wa ku Zingwangwa:
Ine ndine Mkatolika, kwathu timakaulula kwa ansembe ndipo chimathandiza kwambiri n'chakuti umamva ndi makutu ako kuti machimo ako akhululukidwa, ndiye ngakhale kwanu kulibe sakramenti limeneli pezani munthu wokhwima mu uzimu akuuzeni mawu amenewa mokweza, osamangolimbana nazo nokha usiku. Komanso mawu aja oti wakuba iwe muwayese bwino. Mzimu Woyera akamatsutsa amaloza tchimo lenileni n'kukutumani kokakonza, pomwe Satana, woneneza abale wa pa Chivumbulutso 12:10, amangobwereza zomwe munalapa kale kuti muthawe pemphero. Yudasi naye anabweza ndalama 30 zija anaperekera Yesu koma anathawa Yesu, Petro anamukana katatu koma Yesu atauka kwa akufa, Petroyo atamva kuti amene waima m'mbali mwa nyanja ndi Ambuye analumphira m'nyanja kupita kwa Iye.

Mayi wa ku Bangwe:
Zikomo nonse. Gulu limakumana Lachisanu masana, ndawaimbira tcheya kuti andipatse mpata ndilankhule. Mundipempherere, mantha ndili nawo ndithu.